Malo a aulumali pa sitolo aimikapo mabwana: ndikadandaule kwa yani?

"Zikomo akatswiri. Ndine mayi wa ku Matawale kuno ku Zomba. Bambo anga anadwala sitiroko chaka chatha, mbali ya kumanja inafa, ndiye pano amayendera chikuku. Mwezi ukatha ndimawatenga pa galimoto kukatapa ndalama zawo za penshoni, kenako timalowa m'sitolo ina yaikulu m'tauni muno chifukwa amakonda kusankha okha zinthu. Pakhomo pa sitoloyo pali malo awiri ojambulidwa chizindikiro cha chikuku, koma sindinawapezepo opanda kanthu. Lero pikapu ya bwana wina, mawa Sienta ikudikira anthu, apo ayi njinga zamoto za akabaza. Mlonda ndikamufunsa amangoti, 'Angolowa pang'ono, atuluka pompano.' Mwezi watha ndinapsa mtima n'kuimika yanga kumbuyo kwa galimoto ina kuti isatuluke. Mwini wake anali mnyamata woyenda bwinobwino, ndipo tinanyozana mpaka bambo anati basi, asamabwerenso. Mwana wanga akuti tizijambula manambala n'kumaika pa Facebook, kapena kuphwetsa matayala. Kodi lamulo lilipo? Ndikadandaule kwa yani? Nanga tsiku limene ndabwera ndekha kudzawagulira zinthu, ndingaimike pamenepo?"

Mayi, pepani kwambiri, ndipo mukawapepesenso bambo. Simukupempha chifundo kwa munthu ayi, malo amenewo ndi awo. M'kalata yanu yonse mawu amene andidetsa nkhawa si a mlonda kapena a mnyamata uja, koma a bambo oti asamabwerenso. Ndagwira ntchito ya fiziyo, yothandiza odwala kulimbitsa ndi kugwiritsanso ntchito ziwalo zawo, zaka zambiri, ndipo odwala sitiroko amene amabwerera m'mbuyo msanga ndi aja asiya kutuluka m'nyumba. Amayamba ndi kukana sitolo, kenako kutchalitchi kapena kumzikiti, kenako ngakhale pakhonde, mwendo n'kuuma, mtima n'kufooka. Ulendo wa kumapeto kwa mwezi uja, ndi kusankha okha sopo ndi shuga, ndi mankhwala ndithu. Zonse zimene ndikuuzeni pano cholinga chake n'choti ulendowo usafe.

Anthu ambiri oimika pamalo paja si ankhanza. Amangoganiza kuti ndi malo aulemu oyandikira khomo, ndiye kubwereka mphindi zisanu sikungaphe munthu. Chimene sadziwa n'choti phindu lenileni la malowo ndi kutambalala kwake. Malo wamba oimikapo galimoto amakhala pafupifupi mamita 2.4 kapena 2.5 m'lifupi. A aulumali ku South Africa malamulo a zomangamanga amati akhale mamita 3.5, ndipo ku Britain amawonjezera mpata wa mamita 1.2 pambali, uja amaukhwatchakhwatcha ndi penti. Mpatawo uli ndi ntchito. Taganizani mmene mumawatsitsira bambo. Chitseko chiyenera kutseguka chonse mpaka kumapeto. Chikuku chimaima chopendeka pang'ono, cha ku chitseko cha kumbuyo, mabuleki omanga, zopondera mapazi zitachotsedwa. Inu mumaima kutsogolo kwawo, bondo lanu litatchinga bondo lawo lofookalo, n'kuwadzutsa, kuwatembenuzira ku mbali yamphamvu, n'kuwakhazika. Pamafunika malo a chitseko, a chikuku ndi a msana wanu. Njinga yamoto imodzi yokha ikaima pa mizere ija, zonsezi sizitheka, ngakhale malo enieniwo akhale opanda galimoto.

Ndiye kuno kwathu palinso vuto la mtunda. Zomba ndi tauni ya m'tsinde mwa phiri, malo osalala ndi osowa, ngalande zambiri n'zosavundikira, ndipo mvula ikayamba mu Novembala kumunsi kwa bwalo kumasanduka matope. Munthu akakanika kuimika pakhomo amakaima potsetsereka. Kumeneko chikuku chimatha kuselereka ngakhale mabuleki ali omanga, ndipo womunyamulayo pochita mantha amagwira chimene chili pafupi, chomwe nthawi zambiri ndi mkono wakufa uja. Phewa la munthu wa sitiroko siligwira bwino m'malo mwake, kulikoka kamodzi kokha limatha kusuntha n'kumapweteka miyezi. Chonde musadzawakoke ndi mkono wa kumanja, ndipo wodutsa akathamangira kudzathandiza mumuuze msanga kuti agwire m'chiuno kapena pa lamba.

Lamulo lilipo. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu pa zifukwa zingapo, ndipo ulumali unatchulidwa momveka bwino. Dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo gawo 9 la panganolo likunena zoti nyumba ndi malo onse otumikira anthu, ngakhale a eni ake a bizinesi, azifikirika. Mu 2012 tinakhala ndi lamulo la Disability Act, kenako mu 2024 linabwera latsopano la Persons with Disabilities Act limene linalowa m'malo mwa la 2012 lija ndi lakale la 1971. Lamulo latsopanoli ndi limene linakhazikitsa bungwe loona za anthu aulumali la MACODA m'malo mwa MACOHA imene tinaizolowera. Choncho mwini sitolo amene wapenta chizindikiro sanakuchitireni ulemu wapadera, wangoyamba kuchita zimene akuyenera. Kupenta n'kusiya kuti aliyense aziimikapo n'chimodzimodzi kumanga chimbudzi cha alendo n'kutaya kiyi.

Koma lamulo la papepala silichotsa pikapu Loweruka masana. Apolisi a pamsewu mumawapeza pa msewu wa M3 ndi m'marodibuloko, m'bwalo la sitolo salowamo kawirikawiri pokhapokha ataitanidwa. Tsiku ndi tsiku wolamula bwalolo ndi mwini malo, kudzera mwa manijala, kudzera mwa mlonda. Apa ndi pamene anthu ambiri amasochera, chifukwa amalimbana ndi wapansi kwambiri pa mzerewo.

Tamuonani bwino mlonda uja. Kawirikawiri sanalembedwe ndi sitolo, anatumizidwa ndi kampani ya alonda, ndipo kasitomala wamkulu akangomudandaulira amatha kusamutsidwa mawa lomwe, kapena kuuzidwa kuti akapume kaye kunyumba. Malipiro ake ndi ochepa, ndipo bwana wa pikapu potuluka amamusiyira ya madzi. Ena mwa alondawa amachita kusungira mabwana odziwika malo omwewo, n'kumachotsa koni akaona galimoto ikukhota. Sindikumuikira kumbuyo, koma mawu oti "atuluka pompano" ndi a munthu amene sanauzidwepo ndi abwana ake kuti akathamangitsa kasitomala adzamuteteza. Mukamukalipira inu, amangowerama. Akauzidwa ndi manijala, makamaka polemba, munthu yemweyo amasintha tsiku limodzi. Ndaona alonda okhwima kwambiri pa nkhani imeneyi, ndipo onsewo kumbuyo kwawo kunali manijala amene anatulukapo yekha muofesi kukauza mnzake wa tayi kuti asunthe.

Ndiye pitani kwa manijala, osati tsiku la mkangano koma tsiku lina m'mawa mkati mwa sabata, mutavala nkhope yozizira. Musanapite, sungani umboni kwa masabata angapo: tsiku, nthawi, mtundu wa galimoto, ndi chithunzi chosonyeza malowo ndi chizindikiro, chopanda nkhope za anthu. Lembani kalata yaifupi, tsamba limodzi, makope awiri, imodzi akudindireni kuti alandira n'kubwerera nayo. Mufunsenso kuti bwalolo ndi la ndani, chifukwa masitolo ambiri amachita lendi ndipo poimika galimoto amayang'anira ndi mwini nyumba. Ngati zili choncho kalata ipite kwa onse awiri, apo ayi azidzangoponyerana.

M'kalatamo musangodandaula, pemphani zinthu zooneka ndi maso zimene sangakane ponena kuti n'zodula. Choyamba chikwangwani choimirira pa mtengo kapena pa khoma, cholembedwa m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Penti yapansi imafufutika ndi fumbi ndi matope, ndipo galimoto yoyamba ikaimapo chizindikiro chimabisika, wachiwiri amangoona mzere wa galimoto. Chachiwiri, lamulo lolembedwa kwa mlonda loti malowo ndi a ndani ndipo wokana kumvera akamunenere kwa yani. Masitolo okhala ndi chimkuzamawu angathe kulengeza nambala ya galimoto kuti mwini wake akaisunthe, ndipo manyazi a pamzere wolipira amagwira ntchito kuposa chindapusa. Pemphaninso kuti akabaza ndi a Sienta apatsidwe pawo poima. Iwowa sanabwere kudzanyoza bambo anu, akutsata makasitomala otuluka ndi majumbo, ndipo mukangowathamangitsa osawaonetsa kwina mawa abweranso. Ndipo muyang'ane bwino, mwina mupeza kuti galimoto imene imakhalapo kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndi ya wogwira ntchito m'sitolo momwemo, kapena kuti malowo ndi pomwe amaunjikapo matrole ndi makatoni.

Za koni kapena tcheni, zimathandiza, koma zili ndi msampha wake. Munthu waulumali amene akuyendetsa yekha sangatsike kukachotsa koni n'kukweranso. Ngati aika, mlonda akhale pafupi ndipo aziyang'ana. Ena amafuna zomanga tayala ndi chitsulo n'kulipiritsa. Ine sindithamangira zimenezo. Galimoto yomangidwa imakhalitsa pamalo pomwe mukufunapo, ndipo popanda chikwangwani chochenjeza ndi lisiti, chindapusacho chimathera m'thumba la munthu, n'kukhala njira yatsopano yogulira malo omwewo.

Manijala akakhala chete masabata awiri kapena atatu, kwerani. Khonsolo ya mzinda wa Zomba ndi imene imavomereza mapulani a nyumba ndi kupereka ziphaso za bizinesi, ndipo lamulo la maboma ang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo a m'dera lawo. Kalata yopita kwa mkulu wa khonsolo, kope kwa khansala wa dera lanu, imamveka mosiyana kwa mwini sitolo amene chiphaso chake amakachitenga komweko. Lemberaninso a MACODA, popeza kuona kuti lamulo la 2024 likutsatidwa ndi ntchito yawo. Bungwe la Malawi Human Rights Commission lili ndi nthambi yoona za ufulu wa aulumali ndi achikulire, ndipo bambo anu akulowa mbali zonse ziwiri. Kudandaula kumeneko n'kwaulere. FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, ingakulumikizeni ndi anzanu a kuno, ndipo ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya boma la Zomba imadziwa magulu amenewa. Kalata yosainidwa ndi mabanja khumi saiika pansi pa mafaelo ngati ya munthu mmodzi. Ofesi ya Ombudsman muisunge pa nthawi imene wokunyalanyazani ndi ofesi ya boma kapena khonsolo, chifukwa ntchito yake yaikulu ili kumeneko. Ndikudziwa kuti n'zotopetsa kuti wovutikayo ndiye azilembanso makalata, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Tsopano za mnyamata uja. Mwina analidi wakuba malo, ndipo ambiri amakhala otero. Koma maso amanama pa nkhani iyi. Ndakhala ndikuphunzitsa anthu kuyenda ndi mwendo wochita kupanga, ndipo amene waphunzira bwino akavala buluku simungamudziwe, komabe kuti atsike amafunika chitseko chitseguke chonse. Alipo odwala mtima amene mamita 20 amayenda ngati wina aliyense koma akafika 100 milomo yada. Alipo amene TB inawasiyira mapapo owonongeka. Munthu wachialubino dzuwa la Okutobala limamuwotcha khungu ndipo maso ake amavutika kwambiri pakati pa galimoto zoyenda. Mwinanso munthu wamphamvu watsika yekha chifukwa akukatenga mayi ake amene ali kale m'katimo. Kalembera wa 2018, amene anachita a National Statistical Office omwe likulu lawo lili konkuno ku Zomba, anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa khumi alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wina wake. Oyendera chikuku ndi ochepa chabe mwa amenewo.

Maiko ena anathana ndi kuganizirana kumeneku popereka chiphaso. Ku Britain kuli Blue Badge, khadi ya buluu imene imaikidwa pa galasi la kutsogolo, ndipo mu 2019 ku England anaiwonjezera kuti ifikire a ulumali wosaoneka. Woigwiritsa ntchito mwachinyengo amatha kulipitsidwa mpaka mapaundi 1,000. Ku South Africa ziphaso zotere amapereka ndi makhonsolo. Chofunika kumvetsa pa ziphasozi n'choti ndi za munthu, si za galimoto. Sitolo ya kuno ingathe kuyamba yokha mwa njira yosavuta: kasitomala aonetse kamodzi kalata ya dokotala kapena buku la kuchipatala kwa manijala, apatsidwe kakhadi ka sitolo koika pa galasi, ndipo mlonda asamafunsenso munthu matenda ake pagulu. Mlendo wopanda kakhadi azimufunsa mwaulemu basi. Ikani ganizo limeneli m'kalata yanu.

Pamenepa ndayankhanso funso lanu lomaliza. Tsiku limene mwabwera nokha, musaimikepo, ngakhale zonse za m'trole zikhale za bambo. Miyendo imene ikutsika ndi yanu. Mukaimikapo, mlonda amene amakudziwani adzaona, ndipo mawu anu onse kwa manijala adzapepuka. Chimodzimodzi ngati bambo abwera koma atsalira m'galimoto, malowo asiyireni wina amene akutsika. Ndipo kuwasiya m'galimoto yotseka nthawi yotentha musakuzolowere, munthu wa sitiroko amene akumwa mankhwala a BP madzi amamuthera m'thupi msanga, ndipo ena satha kutsegula okha zenera kapena kuitana.

Mwana wanu mumuuze kuti mkwiyo wake ndaumva koma matayala awasiye. Kuwononga katundu wa munthu ndi mlandu, ndipo galimoto yophwa matayala ikhala pamalopo mpaka madzulo. Kutchinga galimoto ya wina monga munachitira kuja kumakuikani inu kumbali yolakwa, ndipo ndewu ikabuka amene sangathawe ndi bambo. Za Facebook nazo zili ndi minga. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lili ndi milandu ya kuzunza ndi kunyoza munthu pa intaneti, ndipo Zomba ndi yaing'ono, nambala ya galimoto ndi dzina la munthu. Mukalakwitsa n'kuyalutsa wodwala mtima, simungazibweze. Ngati akufuna kulemba, alembe za vutolo ndi chithunzi chobisa nambala, afotokoze mmene agogo ake amatsikira m'galimoto. Zimenezo zimaphunzitsa anthu ambiri kuposa kutukwana mmodzi. Mukakumana ndi woyendetsa pamalopo, mawu amene ndaona akugwira ntchito ndi achidule: "Achimwene, ndili ndi bambo a chikuku m'galimotomu, tingapemphe malowo?" Ambiri amasuntha mwamanyazi. Wokana musiyeni, lembani tsiku ndi nthawi.

Pamene makalata akuyenda, mwezi ukutha ndipo bambo akuyenera kupita. Pewani masiku enieni a malipiro ndi Loweruka masana, pitani m'mawa sitolo ikangotsegulidwa, kunja kusanatenthe. Tengani nambala ya foni ya manijala kapena ya mlonda, muziimba mukunyamuka ku Matawale kuti akusungireni. Mukapeza malo atengedwa, funani malo a kumapeto kwa mzere kumene mbali ya bambo ikhale yopanda galimoto ina, polowa chamutu kapena chambuyo malinga ndi mbali imene ili yotseguka, ndipo muyang'ane kaye pansi ngati pali posalala. Mukakhala awiri ndi mwana wanu, imani pakhomo penipeni, atsike ndi agogo ake, inu mukaimike kutali. Musawasiye okha pa chikuku kumbuyo kwa galimoto zina, chifukwa munthu wokhala pansi woyendetsa amene akubwerera chambuyo samuona pa galasi.

Pomaliza, za thupi lawo. Ngati pa kukokana kwa miyezi yapitayi phewa layamba kupweteka, kutupa, kapena mukuona kadzenje pakati pa phewa ndi mkono, apite kwa a fiziyo ku Zomba Central Hospital asanadikire tsiku lawo la sikelo. Mukapita, pemphani kuti akuphunzitseni kutsitsa ndi kukweza pa galimoto yanu yeniyeniyo, pabwalo la chipatala, inu ndi mwana wanu, chifukwa mpando wa galimoto iliyonse uli ndi msinkhu wake ndipo msana wanu nawo ukufunika kutetezedwa. Akagwa n'kumenyetsa mutu, makamaka ngati akumwa mankhwala osungunula magazi, kapena mukaona pakamwa papotoka kuposa kale, mawu akulemera, kapena dzanja lamphamvu lija lafooka mwadzidzidzi, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo. Ndipo ngati kukana kutuluka kwapitirira mpaka kusadya bwino, kusagona ndi kungokhala duu, muwauze adokotala, chifukwa matenda a nkhawa ndi kukhumudwa amabwera kawirikawiri pambuyo pa sitiroko ndipo ali ndi chithandizo chake.